Funso Lachitatu pa Fomu ya Kauniuni

Fomuyo ndinalemba ndine. Ndayamba ndi kunena zimenezi chifukwa kwa zaka zingapo ndakhala ndikufotokoza nkhaniyi ngati kuti fomuyo inabwera m'chikwama cha anthu a ku Lilongwe. Ayi ndithu, inalembedwa ndi dzanja langa, pa tebulo logwedera la mu ofesi yathu, m'nyengo yachisanu, zala zitauma gwa monga zimachitira kuno ku Dedza.

Ndinkagwira ntchito pa kanyumba kosungira zinthu zachikhalidwe, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Musaganize za chinyumba chachikulu. Zinali zipinda ziwiri ndi khonde basi. Anakayambitsa ndi aphunzitsi angapo opuma pantchito, ndipo mmodzi wa iwo, bambo wamtali wosamva bwino khutu limodzi, ndiye anali bwana wanga. M'chipinda chimodzi munali makasu akale, mitondo, miphika, ng'oma ziwiri zong'ambika ndi zithunzi za zojambula za m'mapanga. M'chipinda chinacho munali ine, kabati ya mafayilo ndi mbaula. Alendo ankabwera mwa apo ndi apo, n'kulemba m'buku kuti "zabwino kwambiri," n'kufunsa kumene kuli chimbudzi.

Chimene chinkachititsa kuti tizioneka ngati anthu a ntchito chinali pulogalamu ya Loweruka. Loweruka lililonse atsikana otha msinkhu a m'midzi yozungulira ankakwera phiri kupita ku phanga lina la zojambula zoyera, ali ndi mayi wina wachikulire amene anali namkungwi, mlangizi wa anamwali. Bungwe lina lakunja linkatithandiza kulipira njinga yamoto ya kabaza yokawatenga mayiwo kwawo, chifukwa miyendo yawo inali yotupa, komanso kugula mabanzi a atsikanawo. M'mapepala athu ntchitoyi tinkaitcha "kuphunzitsa atsikana mbiri ya zojambula za m'mapanga." Dzinali linali ndi ntchito yake. Makolo ambiri kuno ndi opemphera, ndipo sangatumize mwana ku chinamwali cha ng'oma. Koma akaona kalata yodinda chidindo, yonena za pulojekiti ndi mbiri, ankamulola mwana kupita, ena akudziwa bwinobwino, ena akusankha kusafunsa.

Anamkungwiwo sanali munthu wofewa. Ankalima mbatatesi cha ku Kaphuka, ndipo mavenda a pamsewu ankawaopa chifukwa pakamwa pawo panali ngati lumo. Fodya wawo wa mphuno ankasunga m'kabotolo ka mafuta odzola. Munthu akalankhula zopanda mutu, ankatsegula kabotolo kaja pang'onopang'ono, kununkhiza, kuyetsemula, kenako n'kumufunsa kuti, "Mwatha?" Ine sanandiitanepo dzina langa. Ankangoti "a mapepala," chifukwa sanandionepo ndili chimanjamanja.

Loweruka loyamba ndinanyamuka nawo limodzi, nditavala nsapato zatsopano zokwerera phiri. Titafika patsinde, pamene njira imagawikana pafupi ndi mitengo ya masuku, anaima n'kunditembenukira.

"A mapepala, inu mutsale pano. Muziona zikwama za ana."

Ndinatsala. Loweruka lotsatira ndinatsalanso, ndipo zinakhala choncho mpaka kumapeto. Abwana ndinawauza kuti chifuwa changa sichigwirizana ndi zitunda. Koma chifukwa chenicheni tinkachidziwa awirife, ine ndi anamkungwi, ngakhale kuti sitinachitchule. Ine sindinavinidwe. Ndinakulira m'tauni ku Zomba, bambo anga anali kalaliki komanso mkulu wa mpingo. Nditatha msinkhu amayi ananditengera kwa alangizi a kutchalitchi tsiku limodzi masana, anandiuza za ukhondo ndi za kuopa anyamata, tinamwa tiyi, n'kubwerera kunyumba. Kwathu zimenezo zinali zokwanira, ndipo sindikuwadandaula makolo anga. Koma kuno ndinapeza kuti mawu akuti "wosavinidwa" ndi mwano waukulu. Ndinawamva tsiku lina pamjigo akuponyedwa kwa mkazi wina, ndipo mkaziyo anasiya ndowa yake pomwepo n'kumapita akulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuseka pamene amayi anzanga akuseka, ndi kugwedeza mutu ngati ndamva pamene sindinamve kanthu.

Patapita nthawi kunabwera kalata yochokera kwa otithandiza aja. Ankati asanapitirize thandizo, pafunika kauniuni, ndiko kuti kuunika ngati ntchitoyo ikubala zipatso. Ananditumiza ku Lilongwe ku maphunziro a masiku atatu. Kumeneko tinali anthu ochokera m'nyumba zosungira zakale, m'magulu a zovina, m'malaibulale a m'midzi, tonse titapachika makadi m'khosi ngati ana otayika. Anatiphunzitsa kukonza ndondomeko ya kauniuni: uyambe ndi cholinga cha ntchito, kenako usankhe chizindikiro chosonyeza kuti cholingacho chakwaniritsidwa, kenako upange mafunso, usankhe wofunsa, nthawi ndi malo. Mphunzitsi wathu, mayi wodekha wa magalasi, anabwereza kangapo kuti tisanalembe funso lililonse tiyambe tafunsa eni ake ntchito kuti iwowo amadziwa bwanji kuti zayenda bwino. Ndinazilemba m'kope mwanga n'kudula mzere kunsi kwake. Kopelo ndikadali nalo, mzerewo ukadalipo.

Ndinabwerako ndikudzimva. Mawu atsopano ankangotuluka okha pakamwa, moti ngakhale wogulitsa makala ndinkafuna kumufunsa chizindikiro chake. Abwana anandimvetsera atatembenuzira kwa ine khutu lawo labwino lija, kenako anakweza manja.

"Mayi, izi ndi za azimayi. Ine ndikalowetsapo mutu ndilakwa. Inu monga mayi mumadziwa zimene zimachitika kumtundako. Lembani, ine ndidzangosaina."

Pamenepo ndi pamene ndikananena kuti sindinavinidwe. Anali munthu wabwino, sakanandiseka. Koma ndinangoti, "Chabwino, abwana."

Fomuyo inali yaifupi, ndipo ndinkanyadira kufupika kwakeko. Funso loyamba linali lakuti mtsikana wapita kuphanga kangati. Lachiwiri linali lakuti kodi amasangalala nako kupitako. Lachitatu ndinalikonza kwa masiku awiri kuti limveke bwino: "Sankhani chojambula chimodzi cha m'phanga, ndipo mufotokoze tanthauzo lake monga mmene anakuphunzitsirani." M'ndondomeko imene tinatumiza kunja ndinalemba kuti chizindikiro chachikulu chakuti pulogalamu yapindula n'chakuti atsikana ambiri athe kuyankha funso lachitatuli. Katundu yense ndinamupachika pa msomali umodzi umenewo.

Musandiyese chitsiru chenicheni. Ngakhale mwana wa m'tauni amadziwa kuti za kutsimba sazinena. Kungoti ndinali nditakhulupirira dzina limene tinalemba tokha m'mapepala. Ndinkaganiza kuti kuphangako amaphunzitsa mbiri, kuti zojambula zoyera zotambasula miyendo ngati abuluzi zija zili ngati zithunzi za m'buku la kusukulu, zoti mwana angathe kuloza n'kunena kuti ichi ndi chakuti. Sindinkadziwa kuti chojambula chilichonse chili ndi nyimbo yake, nyimboyo ili ndi mwambo wake, ndipo sungatchule chimodzi osakoka zinzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinali ndi munthu womufunsa Loweruka lililonse, atakhala pakhonde pathu akudikira kabaza.

Anamkungwiwo ndinawawerengera fomuyo pakhonde pomwepo, osati kuti andithandize, koma kuti aone mmene ndaigwirira ntchito. Anamvetsera maso ali kumapiri. Nditamaliza funso lachitatu anandiuza kuti ndilibwereze.

"Adzafunse ndani?"

"Munthu wochokera ku Lilongwe, wosatidziwa, kuti pasakhale kukondera."

"Mlendo."

"Eya, amayi."

"Ndiye akufuna aone ngati anawa ndawalanga bwino."

"Ndi zomwezo."

Anatulutsa kabotolo kawo, koma sanakatsegule. Anakagwira m'manja n'kundiyang'ana, ndipo mawu awo anatsika, sanali a pamsika aja.

"Nanga inu, a mapepala, kwanuko pamene adakuvinirani, funso lotere adakufunsani?"

Lero ndimadziwa kuti ankanditsegulira chitseko. Panalibe wina pakhondepo. Koma ine ndinamva ngati andiponda chala, ndipo ndinayankha mofulumira kuti, "Ankafunsa, kungoti kwathu zimasiyanako pang'ono."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako anabweza kabotolo m'chilundu.

"Basi, abwere adzafunse. Ana anga adzakhoza."

Ndinasangalala ndi yankho limenelo. Ndinapita kukasindikiza mafomu m'tauni tsiku lomwelo.

Wofunsayo anafika Lachisanu m'mawa pa galimoto yoyera. Anali bambo wa zaka zapakati, waulemu, wolankhula Chichewa chabwino, atanyamula tabuleti, chifoni chachikulu cholembapo. M'ndondomeko yanga yonse sindinalembe paliponse kuti wofunsa akhale mkazi, sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Tinamuikira tebulo m'chipinda cha makasu ndi ng'oma chija. Atsikana anakhala panja paudzu atavala zitenje zawo zabwino, ndipo anamkungwi anakhala pa mpando pakati pawo, pambali pawo pali beseni lovundikira ndi nsalu. Ine ndinaima pakhomo kuti ndiziitana mmodzimmodzi.

Woyamba kulowa anali mtsikana wochangamuka kuposa onse, amene ankatsogolera nyimbo potsika phiri ndipo sankasowa chonena. Funso loyamba anayankha bwino. Lachiwiri anayankha akumwetulira. Bambo uja atawerenga lachitatu, mtsikanayo anagwetsa maso pansi.

"Palibe."

"Palibe chimene mwaphunzira?"

"Sindikudziwa."

Bamboyo anaganiza kuti mwina funso lavuta. Anatsegula chithunzi cha chojambula chimodzi pa tabuleti n'kumusonyeza. Mtsikanayo anatembenuzira nkhope kukhoma ngati wamuonetsa chinthu chosayenera. Anamunyengerera, anamuuza kuti palibe yankho lolakwika, kuti dzina lake sililembedwa. Iye anangoti duu, manja ali pamaondo.

Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Mmodzi anaseka pang'ono n'kutseka pakamwa ndi chitenje. Wina, wamng'ono kwambiri, misozi inalengeza m'maso chifukwa bamboyo anali wokoma mtima ndipo zinkamupweteka kumukaniza, koma nayenso anati palibe. Ine pakhomo paja mtima unkawira. Ndinkawatukwana chamumtima ana amenewo, kuti mabanzi onse aja, Maloweruka onse aja ndakhala ndikulumidwa ndi nyerere pansi pa masuku, lero akundichititsa manyazi pamaso pa mlendo. Ndinkamutsinzinira aliyense wolowa kuti alankhule, ndipo aliyense ankandidutsa ngati sakundiona.

Womaliza atatuluka, ndinamva nthungululu panja. Anali anamkungwi. Anali ataimirira pa miyendo yawo yotupa ija, nkhope ikuwala, ndipo sindinawaonepo atasangalala chotero. Anavundukula beseni lija. Munali mbatatesi yophika, yothira mchere ndi tomato, ya m'munda mwawo, imene anaphika mbandakucha asanakwere kabaza. Anayamba kugawira atsikana aja, aliyense akumutchula kuti mwana wanga. Kenako anapita kwa bambo uja, amene anali atatuluka pakhonde, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwayesetsa, bambo, ndakumvani mukunyengerera. Mudafika potulutsa ndi chithunzi chomwe. Koma mwalephera. Palibe ndi mmodzi yemwe watsegula pakamwa. Kawauzeni azungu anuwo kuti kuno kuli namkungwi."

Bamboyo anaseka mwaulemu, osamvetsa, n'kulandira mbatatesi. Mayiwo ananditembenukira n'kunena kuti kale ankachita zomwezo, ankatuma munthu kukamunyengerera namwali kuti aone ngati angaulule mwambo, ndipo woulula ankabwezedwa kukayambiranso. Anati sankadziwa kuti a ku Lilongwe nawonso amaudziwa muyeso umenewu. Sabata yonse anali akuwakonzekeretsa anawo, kuwauza kuti kukubwera mlendo wa mawu okoma, asagwe naye.

Bambo uja sanali wopusa. Asanakwere galimoto anandiitanira pambali.

"Mayi, pali chimene sindikuchimvetsa apa. Ana awa akuoneka kuti amakonda kupitako. Ndipo agogowa akusangalala ngati zayenda bwino. Kodi pali chimene ndikuphonya?"

Abwana anali ataima chapafupi, khutu labwino lili kwa ife. Amayi ena a atsikana aja anali pomwepo akudya mbatatesi. Kuti ndifotokoze, ndinayenera kunena kuti funsolo linali lolakwika kuyambira pachiyambi, ndipo aliyense akanadzifunsa kuti mkazi wamkulu ngati ine ndinalemba bwanji funso lotere. Yankho lake linali limodzi lokha, ndipo linali mawu aja a pamjigo.

"Ana a kuno ndi amanyazi," ndinatero.

Anagwedeza mutu, analemba kanthu pa tabuleti, n'kutsanzika. Mawu asanu amenewo ndimadana nawo kuposa china chilichonse chimene ndinalankhulapo m'moyo mwanga.

Lipoti linabwera patapita milungu ingapo, ndipo silinaname paliponse. Linati atsikana amapita mokhulupirika ndipo amasangalala, koma palibe amene anasonyeza kuti waphunzira tanthauzo la zojambulazo, chomwe chinali chizindikiro chachikulu malinga ndi ndondomeko ya eni ake. Linalangiza kuti thandizo lipite ku njira ina, yosindikiza mapositala ndi kuphunzitsa aphunzitsi a m'sukulu kuti azifotokozera ana m'kalasi. Ndinakhala nalo masiku angapo m'kabati. Kenako ndinalimba mtima n'kulemba kalata yaitali yofotokoza za mwambo, kuti kukhala chete kwa anawo ndiko kunali umboni. Ngakhale m'kalata imeneyo sindinanene chifukwa chimene ndinalakwitsira, ndinangoti panali kusamvetsetsana. Anandiyankha mokoma mtima. Anati mfundoyo ndi yochititsa chidwi, koma chizindikirocho tinasankha tokha, ndondomeko ya chaka chotsatira yatsekedwa kale, ndipo adzaikumbukira m'tsogolo. Madzi akatayika saoleka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zizindikiro zenizeni ndinkaziona ndi maso anga, ndili pansi pa masuku paja. Abusa a mbuzi anali atasiya kulemba maina awo ndi makala pakhoma la phanga, chifukwa alongo awo ankawakalipira kunyumba. Otola nkhuni anasiya kusonkha moto m'phangamo mvula ikawapeza. Mayi wina amene poyamba anakana kwamtuwagalu anabweretsa yekha mwana wake wachiwiri, atamugwira dzanja. Atsikana ankabwera ngakhale tsiku limene mabanzi sanafike. Zonsezi zikanatheka kulembedwa popanda kufunsa mwana aliyense chinsinsi chake. Ndikanangowafunsa anamkungwi kuti, amayi, inu mumadziwa bwanji kuti namwali wamva, akanandiuza m'mawu awiri, mwina atayamba kaye andinyoza pang'ono.

Abwana anati uthengawo ndikanene ndine, popeza ndi za azimayi. Ndinakwera kabaza yemwe uja kupita kwa anamkungwi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pa chiguduli, akusankha mbatatesi ya mbewu, yophukira kuika uku, yowola kuponya uko. Atandiona anapukuta manja.

"A mapepala afika okha lero. Ndiye takhoza?"

Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse, kuti kabaza sadzabweranso, kuti kalata ya chidindo sidzalembedwanso. Sanandidule mawu. Nditamaliza anatembenuza mbatatesi imodzi m'manja.

"Ndiye iwowo amafuna kuti ana aulule?"

"Eya, amayi."

"Akadaulula, akadati ndaphunzitsa bwino."

"Eya."

"Kwa mwamuna. Mlendo."

Ndinkadikira lumo lija. Ndinkalifuna, kunena zoona, chifukwa akanandikalipira ndikanapepukidwa. Koma iwo anangoika mbatatesi ija pa mulu wa zabwino n'kutola ina.

"Ndiye ndawalakwira ana," anatero. "Ndidawatseka pakamwa ndine. Ndipo tidali tili pakati. Khoma la mkati mwa phanga sitidafikeko, ndimati tikakolola."

Ndinawauza kuti sanalakwe iwo, kuti wolakwa ndine amene ndinalemba funsolo. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene akumva mvula ikugwa kutali. Pochoka anandipatsa mbatatesi m'kajumbo, ndipo ndinalira njira yonse kumbuyo kwa wakabaza, iye akuyesa kuti ndi mphepo.

Anamkungwi anayesa kupitiriza paokha. Kawiri konse anayenda wapansi kuchokera kwawo, kupuma m'njira, n'kufika patsinde pa phiri dzuwa lili pamutu, miyendo itatupa ngati mitondo. Ulendo woyamba anapeza atsikana ochepa. Wachiwiri anapeza awiri. Popanda kalata ya chidindo, makolo sakanathanso kunamizira kuti ndi pulojekiti, ndipo nkhani ya tsiku la mafunso ija inali itamveka m'midzi, aliyense anadziwa tsopano chimene chinkaphunzitsidwa kuphangako. Ndinapempha abwana kuti tilembebe kalatayo, koma anati sangadinde chidindo pa ntchito imene kulibe, ndipo sindingawanene kuti analakwa. Mayiwo sanabwerenso. Anadwala m'nyengo ya dzinja yotsatira, ndipo anamwalira chimanga chisanache. Kumaliro ndinapita, ndinakhala kumbuyo kwa azimayi, ndipo palibe amene anandinena kanthu.

Mapositala anabwera, okongola ndithu, a mitundu. Ena akadali pakhoma m'chipinda cha makasu. Pansi pa chojambula choyera chilichonse analemba kuti chimakhudzana ndi miyambo ya chinamwali cha Achewa, ndipo ndi zoona. Alendo amawerenga, amajambula ndi foni, n'kulemba m'buku muja.

Chaka chatha, tsiku lina masana, munthu anagogoda pa ofesi. Anali mtsikana wochangamuka uja, woyamba kulowa tsiku la mafunso, tsopano ndi mayi wa mwana kumbuyo. Anagwada pakhomo, ndinamuuza kuti akhale pa mpando, anakhala m'mphepete mwake. Tinafunsana za moyo, za mwana, za mitengo ya feteleza. Kenako anatsitsa mawu.

Anati mng'ono wake watha msinkhu, pamodzi ndi ana ena atatu a m'mudzi mwawo. Azimayi a kumeneko anakhala pansi n'kuona kuti palibenso wina wodziwa za kuphanga kuposa iye, ndiye amupempha kuti awatengereko anawo. Iye wavomera. Wayenda kwa anzake onse amene ankapita nawo, ena anakwatiwa kutali, ena aiwala, ndipo aphatikiza zimene akukumbukira. Za khoma lakunja azipeza zonse. Koma pali nyimbo ina imene agogo anangoiyamba Loweruka lomaliza, ya khoma la mkati, n'kunena kuti adzaimaliza ulendo wina.

"Ndiye ndimati mwina, amayi, popeza inu mumalemba zonse, kapena agogo adakuuzaniko, mudasunga m'mapepala mwanu."

Ndinkadziwa yankho, komabe ndinatsegula kabati, chifukwa sindikanatha kumuyang'ana. Ndinatulutsa fayilo ya pulogalamu ya Loweruka, yonenepa bwino, n'kuitsegula patsogolo pake. Munali maina a atsikana ndi masiku amene anabwera. Munali ndondomeko yanga, cholinga, chizindikiro, mafunso. Munali zithunzi zawo ataima pamzere patsinde pa phiri, agogo ali pakati atakwinya nkhope chifukwa sankakonda kujambulidwa. Iye ankatsegula tsamba ndi tsamba mosamala, akunyowetsa chala, ngakhale ndikuganiza kuti anali ataona kale kuti mulibe.

"Mulibe, mwana wanga," ndinatero. "Sakanandiuza. Ine kuphangako sindinafikeko ndi tsiku limodzi lomwe. Sindinavinidwe."

Aka kanali koyamba kutulutsa mawu amenewo pakamwa panga, ndili ndi imvi kale. Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka. Iye anangokonza mwana kumbuyo.

"Timadziwa, amayi. Tonse timadziwa. Agogo adatiletsa kukusekani. Adati tikusiyeni, tsiku lina mudzanena nokha, ndiye adzakutengani mukwere nafe."

Anatseka fayilo ija bwinobwino, kuilunganitsa m'mbali, n'kuikankhira kwa ine. Ndinamufunsa kuti nanga atani Loweruka likudzalo, akafika ndi anawo pa khoma la mkati.

"Tidzaimba mpaka pamene tikudziwapo," anatero. "Tikafika pamenepo tidzaleka."

Anatsanzika, ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo anapita wapansi chifukwa kwawo n'kosatalika.